Hougoumont pa tebulo: mmene ndamangira famuyi ndi geti lake lakumpoto

3 Febuluwale, kuyamba

Tinagwirizana ndi mnzanga amene timasewera naye kuti pa 18 Juni tidzasewere nkhondo ya pa Hougoumont, famu yampanda ija imene inali kudzanja lamanja la asilikali a Wellington, mkulu wa nkhondo wa ku Britain, pamene ankamenyana ndi Afalansa a Napoleon pa Waterloo mu 1815. Iwowo abweretsa mizinga ndi nsalu yoyala pa tebulo, ine ndatenga famuyo ndi asilikali oyenda pansi. Ndizilemba zonse mmene zikuyendera, makamaka zolakwika, kuti wina akadzayamba zake asadzataye zipangizo ngati mmene ine ndingatayire.

Tiasilikali ndi ta pulasitiki, totalika 28mm, tonse 96: ma Guards a ku Britain 24, a Nassau (Ajeremani omwe anali kumbali ya Wellington) 24, Afalansa 48. Zina zomwe ndagula ndi fomu yolimba ija amati XPS mapepala awiri, foamboard (fomu yokhala ndi pepala mbali zonse ziwiri) ya 5mm, thabwa la utuchi wopanikiza la MDF la 3mm, guluu wa PVA botolo lalikulu, filler wa m'makoma, mchenga, waya wofewa, mabulashi atatu ndi penti wa acrylic mabotolo 14. Pa ndalama yomwe ndinapatula, theka lapita ku tiasilikali, penti ndi mabulashi zadya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, yotsalayo ndiye ya zomangira. Ndalama zoonongeka ndizizifanizira ndi botolo la penti, chifukwa aliyense amadziwa kuti botolo limodzi amaligula zingati.

Vuto loyamba labwera ndisanadule chilichonse. Sikelo ya tiasilikali ta 28mm ndi pafupifupi 1:56, kutanthauza kuchepetsa chinthu chenicheni ka 56, ndiye mamita 100 enieni amakwana 179cm, pamene tebulo lathu ndi 180 x 120cm. Famuyo ukaphatikiza dimba lampanda, munda wa zipatso ndi kankhalango ka kummwera imapitirira pamenepo kutali. Ndiye ndachepetsa: bwalo ndi nyumba zake zikhala pa 45 x 60cm, dimba 50 x 40cm, munda wa zipatso mitengo 12 basi. Kutalika kwa nyumba ndikusiya pa sikelo ya tiasilikali, pansi pokha ndi pomwe ndikufinya.

11 Febuluwale, thabwa lapindika

Ndinadula MDF, ndikupaka PVA pamwamba ponse, kuthira mchenga, kusiya usiku. Mmawa thabwa lakhota ngati uta, makona onse anayi ali mmwamba moti chala chimalowa pansi. Guluu akamauma amakoka, ndipo ine ndinapaka mbali imodzi yokha. Ndalitembenuza, ndapaka PVA kunsi nakonso, ndaika pepala la pulasitiki kuti lisamatirire pansi, pamwamba ndasanjika mabuku olemera masiku awiri. Labwerera koma osati lonse, kona imodzi ikadali yodzuka mwina 2mm, ndidzaibisa ndi tchire. Thabwa la dimba ndayamba ndalipaka mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe lisanaone mchenga, ndipo limenelo lili phwatalala.

24 Febuluwale, khoma la dimba

Khoma la dimbali ndi la njerwa, lalitali ngati mamita awiri, ndipo asilikali analiboola timabowo towomberapo komanso anapanga poponda kumbuyo kwake kuti aziwombera pamwamba. Mamita awiri pa 1:56 ndi 36mm, ndinadula pomwepo ndendende. Nditaimika kamsilikali kumbuyo, chipewa chonse chili kunja, chifukwa kameneko kamaima pa beyisi, kathabwa kapansi, ya 3mm komanso chipewa cha shako ndi chachitali. Khoma limaoneka ngati mpanda wa maluwa. Ndadulanso pa 44mm, poponda 12mm kumbuyo, tsopano amene ali pansi wabisika, amene wakwera mfuti yake ikugona pamwamba pa khoma bwinobwino.

Njerwa ndazilemba pa fomu ndi pensulo yosasongoka kwambiri, mizere yopingasa ndi rula yachitsulo kenako timizere toimirira mmodzimmodzi. Njerwa ya sikelo yeniyeni ikanakhala mwina 4mm mulitali ndi 1mm chabe, ndinayesa pa kachidutswa ndipo ukaima chapatali suona kanthu, ndiye ndakuza kufika 6 x 2.5mm. Ndatenga pepala la aluminiyamu, kulipinda kukhala kampira kokhakhala, kumakagudubuza pa khomapo kuti lisakhale losalala ngati galasi. Khoma lonse ndi 130cm mbali ziwiri, landitengera maola 9, dzanja limachita kuuma.

2 Malichi, sipuleyi yasungunula khoma

Apa ndiye mtima unandipweteka zedi. Ndinkafuna kufulumira ndiye ndinatenga sipuleyi yomwe ndimapopera tiasilikali ngati primer, penti woyambira, nkupopera zidutswa ziwiri za khoma. Pasanathe mphindi imodzi njerwa zija zayamba kulowa mkati, fomu ikuchita tizibowo ngati yadyedwa ndi chiswe. Mankhwala osungunulira penti a mu chitini cha sipuleyi amadya fomu ya mtundu umenewu, ndinkadziwa koma ndinkaganiza kuti ndikapopera chapatali palibe chichitike. Zidutswa ziwiri, 40cm, maola atatu a ntchito.

Chimodzi ndataya. Chinacho ndachisunga chifukwa mmene chadyekera chikufanana ndi khoma lomenyedwa ndi zipolopolo, ndichiika mbali ya kummwera yoyang'ana kunkhalango komwe Afalansa ankatulukira. Zotsalazo ndazipaka ndi bulashi: PVA, penti wa acrylic wakuda ndi madzi pang'ono, kawiri. Zikauma zimakhala ndi chikhungwa cholimba ndipo njerwa zikuonekabe. Zoonongeka ndi kotala ya pepala la fomu, mtengo wake ngati botolo limodzi la penti.

Mtundu wa njerwa ndapaka bulauni wofiirira ponse, kenako njerwa zina apo ndi apo ndaziderako zina ndazichita za olenji. Matope a pakati pa njerwa ndasungunula filler m'madzi mpaka kukhala ngati mkaka, kupaka ponse, nkupukuta pamwamba ndi kansalu konyowa asanaume. Ulendo woyamba ndinachedwa kupukuta, khoma linayera lonse, ndinabwezeretsa mtundu ndi bulashi youma.

15 Malichi, majekete ofiira

Ndapumako ku zomanga, ndayamba ma Guards. Ena mwa amene ankateteza famu anali makampani opepuka (magulu a asilikali omenya nkhondo momwazikana) a Coldstream Guards ndi 3rd Foot Guards, wamkulu wawo Lieutenant Colonel James Macdonell. Jekete lofiira, kolala ndi kumapeto kwa mikono buluu wakuda, malamba oyera opingasana pachifuwa.

Asanu ndi mmodzi oyamba ndinawapopera primer wakuda. Penti wofiira sabisa zakuda, ndinapaka kanayi akuonekabe ngati magazi ouma, ndipo pofika kachinayiko mabatani ndi timizere ta pachifuwa zinali zitakwiririka. Ndinawaviika mu isopropyl alcohol usiku umodzi, kutsuka ndi mswachi wakale, penti yense anachoka pulasitiki osaonongeka. Tsopano ndikupanga chonchi: primer wa gireyi wowala, pansi bulauni wofiirira, pamwamba wofiira kawiri wosungunula ndi madzi pang'ono, wash (penti wamadzimadzi) wa bulauni m'makwinya mokha, kenako wofiira wowala pamapewa ndi pazigongono. Malamba sindikuyamba ndi woyera weniweni, ndimayamba gireyi wowala nkudzadutsitsa woyera pakati pokha, apo ayi amaoneka ngati choko.

China chomwe ndinaiwala pa oyamba aja ndi kupala timizere totsalira kuchikombole. Usanapente sutiona, ukangopaka wash timatuluka bwino lomwe, kamzere kuchokera pachipewa mpaka kunsapato. Kuseri kwa lezala kumachotsa bwino kuposa kumaso kwake.

Penti amaumira pa mbale ndisanamalize asilikali atatu, ndiye ndapanga wet palette: kabokosi kapulasitiki kokhala ndi chivindikiro, siponji yopyapyala yonyowa, pamwamba pepala lophikira buledi. Sindinagule kanthu ndipo penti akukhala mpaka mawa. Ndikupenta asanu ndi atatu nthawi imodzi, mtundu umodzi pa onse kenako wina. Onse 24 atenga maola 22.

29 Malichi, a Nassau

Awa sanavute. Yunifolomu yawo inali yosokedwa mwa Chifalansa chifukwa anamenyapo nkhondo ku Spain kumbali ya Napoleon mpaka 1813, ndiye ndangotenga tiasilikali ta Chifalansa nkutipenta girini wakuda, malamba achikasu chotuwa ngati chikopa. Maola 14. Girini amabisa bwino kamodzi kokha.

12 Epulo, nyumba

Nyumba ndi za foamboard: nkhokwe yaikulu ya kumadzulo, nyumba ya wosamala dimba imene geti lakummwera limadutsa pansi pake, nyumba yaikulu yogonamo imene amati château ndi katchalitchi. Makona ndimadula fomu yamkati 5mm nkusiya pepala lakunja kuti liphimbe pokumanapo, kumata ndi PVA nkubaya mapini mpaka ziume. Lezala ikangobuntha pang'ono imang'amba fomu m'malo modula, ndasintha malezala 6 pa nyumba zinayi, musaumire pamenepa.

Matailosi a padenga ndi katoni yopyapyala, ndimadula mzere wautali nkuutema timano, kumata kuyambira pansi kukwera. Denga la nkhokwe ndinalimata ku makoma, kenako ndinakumbukira kuti mkatimo muzilowa asilikali. Ndalidula mozungulira ndi lezala, ndaika timitengo ta balsa, mtengo wofewa wopepuka, mkati kuti lizikhala ngati chivindikiro. Madenga enawo ndapangiratu ochotseka, ndipo la château ndi la nkhokwe ndapanga awiriawiri, labwino ndi lopsa, chifukwa masana a tsikulo mabomba a mizinga ya howitzer anayatsa nyumbazi. Katchalitchi kanapulumuka, moto unangofika pakhomo nkuwaula mapazi a chifanizo cha pamtanda, ndiye ndaika kamtanda ka balsa mkati pamwamba pa chitseko ngakhale palibe adzakaone pokhapokha atachotsa denga.

26 Epulo, geti lakumpoto, ulendo woyamba

Chifukwa chenicheni chomwe ndinasankhira famuyi ndi geti limeneli. Afalansa a gulu la Jérôme Bonaparte, mng'ono wake wa Napoleon, atazungulira mbali ya kumadzulo anafika kumpoto komwe geti linkasiyidwa lotseguka kuti oteteza azilandirirapo zipolopolo, Sous-lieutenant Legros anabwera ndi nkhwangwa, gulu la anthu pafupifupi 30 linalowa m'bwalo, ndipo Macdonell, Corporal James Graham ndi ena ochepa anakankha zitseko mpaka kutseka nkuika mpiringidzo, olowa aja anatsekeredwa mkati. Ndiye ine sindikufuna geti lomata, ndikufuna lotseguka ndi kutsekeka pa tebulo, munthu alitseke ndi dzanja lake.

Ndinayang'ana zithunzi za famuyi mmene anaikonzera mu 2015, ndinayerekeza kukula kwa geti ndi khoma, ndinadula mpata wa 36mm. Zitseko za balsa ya 2mm, matabwa olemba ndi pensulo, mahinji a nsalu yomata ndi guluu. Linaoneka bwino kwambiri moti ndinalijambula kangapo. Kenako ndinatenga beyisi ya Afalansa anayi kuti ndiyese, beyisi ndi 40 x 40mm, siyikulowa. Kupendeketsa, mfuti zikukola pamtanda wapamwamba. Sabata yonse ndakhala ndikuyeza ndi zithunzi, osayeza ndi chinthu chimene chidzadutsepo, chikhalirecho phunziro lomweli ndinaliona kale pa khoma la dimba mu Febuluwale.

3 Meyi, geti ulendo wachiwiri ndi wachitatu

Ndagumula zipilala, mpata tsopano ndi 52mm, mtanda wapamwamba pa 60mm kuti mbendera ndi mfuti zoimirira zizidutsa. Kuti geti lisaoneke lalikulu mopitirira ndakweza khoma la mbali zonse ziwiri 8mm. Ndadula kakatoni ka 40 x 40mm, ndamatapo kamsilikali kamfuti yaitali kuposa tonse, kameneka ndi komwe ndikuyesera pena paliponse: makomo, poponda, pakati pa mitengo, pakati pa nkhokwe ndi château. Pomwe sikakudutsa ndikugumula. Kapeza malo ena awiri, njira yochokera kubwalo kupita kudimba inali 30mm ndipo chitsime ndinachiika pafupi kwambiri ndi geti moti chitseko chimagunda.

Mahinji a nsalu aja anang'ambika nditatsegula mwina ka 20. Ndinayesa maginito a 3 x 1mm, mapeyala anayi, mtengo ngati mabotolo awiri a penti, kuti chitseko chizichotsedwa nkumatidwanso potseguka. Awiri ndinawamata chagada ndi superglue ndiye chitseko m'malo mokakamira chimathawa, pochotsa balsa inang'aluka. Komanso ngakhale akanakhala bwino, kuchotsa chitseko nkuchiika pena si kutseka geti, sizimandikhutitsa.

Chomwe chagwira ndi chophweka. Zitseko zatsopano ndapanga ndi timitengo tosonkhezera khofi, ntolimba kuposa balsa. M'mphepete mwa chitseko chilichonse ndamata waya wa brass wa 1mm wotuluka 4mm pamwamba ndi pansi. Pansi ndaboola MDF, pamwamba ndaboola mtanda, m'mabowomo ndalowetsa tizidutswa ta kapaipi kapulasitiki ka mkati mwa bolopeni kuti waya asamakulitse bowo. Mtanda sindinaumate, ukukhala pa mapini awiri, chitseko chikathyoka nditha kuzula nkusintha. Mpiringidzo ndi kamtengo ka machesi kolowa m'tingowe tiwiri ta waya. Ndatsegula ndi kutseka ka 100 ndikuwerenga, palibe chagwedera. Kamtengo ka machesiko kanasowa kawiri tsiku lomwelo ndiye ndapenta tisanu.

17 Meyi, Afalansa olakwika

Onse 48 ndinayamba kuwapenta ngati asilikali a line, asilikali wamba omenya nkhondo ali pamzere, jekete la buluu, pachifuwa poyera. Nditamaliza 24 ndinabwereranso kukawerenga za Legros ndipo iye anali wa 1er Léger, asilikali opepuka, amene pachifuwa pawo ndi pa buluu pokhala ndi kamzere koyera m'mphepete, buluku nalonso la buluu. Akanakhala ena ndikanasiya, poti a line analiponso pa nkhondoyi, koma amene adzalowe pa geti langa ndikufuna akhale eni ake. Ndiye 24 omaliza kale atsala a line, 24 enawo ndi opepuka. Kamzere koyerako ndi bulashi kamatuluka konenepa, njira yomwe yandithandiza ndi kupenta pachifuwa ponse poyera kaye kenako buluu mkati mwake nkusiya m'mphepete. Legros ndamupanga kuchokera kwa ofesala, ndadula lupanga, nkhwangwa ndi waya ndi kachidutswa ka pulasitiki.

Kumiyendo onse ndawapaka matope mpaka m'maondo, bulauni wosakaniza ndi filler pang'ono, chifukwa usiku wa pa 17 Juni kunagwa chimvula ndipo palibe anafika pa famuyo ndi buluku loyera.

31 Meyi, mitengo

Waya 12 wopota pamodzi, kugawa nthambi pamwamba ndi mizu pansi, kupaka filler wosakaniza ndi PVA kuti akhale khungwa. Masamba ndi siponji yakale yonyenya, yoviika mu penti wa girini mitundu itatu. Ulendo woyamba masamba amayoyoka ukangokhudza, ndapopera PVA wosungunula kwambiri wothira kadontho ka sopo wotsukira mbale kuti alowerere, kawiri, tsopano alimba. Mtengo uliwonse uli pa washala yachitsulo yakeyake kuti uzisunthika asilikali akalowa m'munda. Ya zipatso 12 yaifupi, ya kunkhalango 10 yaitali. Waya ndi mawashala zadya ngati mabotolo atatu a penti. Utsi ndi thonje la mu pilo lopopera zakuda pansi pake, lomata pa timakandulo ta batire tija timaphethira.

9 Juni, vanishi wayera

Kwatsala masiku 9. Ndinafola ma Guards onse pa thabwa nkuwapopera vanishi wosawala, tsikulo mpweya unali wachinyezi ndipo ndinapopera chapatali. Atauma onse 24 ayera mbuu ngati awazidwa ufa, ofiira aja asanduka pinki wotuwa. Maola 22. Ndinakhala pansi kaye osawagwira, ndinatsala pang'ono kuwaviika mu alcohol onse.

Ndinayesa pa mmodzi: vanishi wonyezimira wopaka ndi bulashi, wopyapyala. Kuyera kuja kumabwera chifukwa pamwamba pauma mokhakhala, wonyezimirayo amadzaza timaenje nkusalaza, ndipo mtundu unabwerera ndikuona. Ndapaka onse, mawa lake ndapaka wosawala wa bulashi pamwamba. Awiri okha atsala otuwa pang'ono pazipewa, ndawaika mzere wakumbuyo. Mabotolo awiri a vanishi omwe sanali mu bajeti. A Nassau ndi Afalansa ndawapaka ndi bulashi onse, ndipo chitini chija ndikadzachigwiritsanso ntchito ndidzayamba ndapopera kamsilikali kamodzi kotsala nkudikira ola.

18 Juni, tasewera

Kuyala tebulo kunatenga mphindi 40. Achimwene, mnzanga uja, anatenga Afalansa, ine ndinali mkati. A Nassau anathamangitsidwa m'nkhalango msanga, khoma la dimba linagwira, poponda paja mabeyisi amakhala bwino osagwa. Ulendo wachisanu wa masewera a 1er Léger anazungulira nkhokwe, madayisi anawakomera, ndinazula mpiringidzo ndi zala zanga ndipo beyisi ya Legros inadutsa pa geti osakola pena paliponse, yachiwiri pambuyo pake. Ulendo wotsatira Macdonell anapambana pa chitseko, achimwene anati tsekani nokha munamanga ndinu, ndinakankha zitseko ziwiri zija nkubwezera kamtengo ka machesi, Afalansa 8 atsalira m'bwalo. Tinaima kaye mphindi zingapo tikungoyang'ana. Famu sinagwe, koma munda wa zipatso anautenga ndipo sindinaubwezenso.

Zomwe zaonongeka: mitengo iwiri ya kunkhalango ndi yolemera kumutu, imagwa munthu akagunda tebulo, ikufunika mawashala akuluakulu. Nkhwangwa ya Legros yathyoka pobweza m'bokosi, ndiiboola dzanja nkulowetsa waya m'malo momata pamwamba. Denga lopsa la nkhokwe silikukhala bwino kona imodzi. Njira yolowa pansi ija ya kumpoto kwa munda wa zipatso, yomwe oteteza ankabisalamo akathamangitsidwa, sindinaimange nkomwe, tinangoika riboni ya bulauni, ndipo masewera aonetsa kuti ndi yofunika kuposa mmene ndinkaganizira. Fomu yatsala theka la pepala, ikwana zidutswa zitatu za 30cm, ndiyamba Loweruka ndipo m'lifupi mwake ndadula kale pa 48mm nditayesa ndi kakatoni kaja.